Version yatsopano yatuluka, muiyese bwanji musanataye yakale?

Chaka chilichonse October akangofika, foni yanga imadzadza ndi funso limodzi lomweli kuchokera kwa anzanga ojambula zithunzi: aise, Photoshop yatsopano yatuluka, Lightroom nayo ikungondionetsa kabatani ka update, ndidine kapena ndisiye? Adobe imakonda kutulutsa ma version akuluakulu mwezi umenewu, ndipo tsoka lake kuno kwathu ndi nthawi yomweyo imene maukwati ndi zinkhoswe zafika pachimake, Loweruka lililonse muli pa tenti ndi kamera, Lolemba mkwatibwi wayamba kale kufunsa pa WhatsApp kuti zithunzi zija zili pati. Nde yankho langa limakhala lomwelo, musadine kaye, iyeseni pambali. Koma kuyesako kuli ndi njira zingapo ndipo sizofanana ayi, ina imadya ndalama mwakachetechete, ina imadya bandulo, ina imakunamizani kuti pulogalamuyo ndi yochedwa pomwe vuto ndi malo amene mwaiyeserapo.

Ine ndinaphunzira movutikira. Linali Lachinayi usiku, ndili ndi zithunzi za ukwati pafupifupi 600 zoti ndipereke Loweruka, theka nditamaliza kale. Pulogalamu imene ndinkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo inandiuza kuti kwabwera version yatsopano, ndinaona kuti bandulo ya usiku ilipo, basi ndinadina nkukagona. Mmawa kutsegula, plugin yanga, kapulogalamu koonjezera kosalazira khungu, sikuoneka paliponse, ndipo preset, ma setting a mitundu osungidwa kale, imene ndinaikira zithunzi 300 zoyamba zija ikutulutsa mtundu wina pang'ono, khungu la mkwatibwi lomwe linali lakuda bwino lowala likupita kofiirira ngati njerwa yootcha. Album imodzi, mitundu iwiri. Ndinachezera masiku awiri kukonza pamanja chithunzi chimodzichimodzi, magetsi nawo akuzimazima. Ndipo version ija inali yabwino ndithu, patapita miyezi ndinadzaikonda kuposa yakale. Chimene chinalakwika ndi tsiku limene ndinaiyesera, komanso kuti ndinaiyesera pa ntchito ya kasitomala.

Tisanafike pa njirazo pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitichilabadira. Pulogalamu payokha mutha kuichotsa nkubwezera yakale, imeneyo si nkhani yaikulu. Chimene sichibwerera mmbuyo ndi ntchito imene mwasungira mu version yatsopanoyo. Lightroom Classic ikasintha nambala yaikulu, tinene kuchoka pa 13 kupita pa 14, imakupemphani kuti isinthe catalog yanu, fayilo imene imasunga mndandanda wa zithunzi ndi ma edit anu onse, imapanga ina yatsopano nkusunga yakale ija osaifufuta. Zikumveka bwino eti? Koma catalog yatsopanoyo version yakale siingaitsegule, ndiye ngati mwagwira ntchito sabata yathunthu mmenemo kenako mwaganiza zobwerera, mubwerera ku catalog ya sabata yatha, ma edit onse a masiku amenewo atsalira uko. Capture One, pulogalamu ina yoeditira zithunzi, ndi chimodzimodzi, catalog kapena session ikangosinthidwa yakale imaikana. darktable, ina yaulere, imachita kulemba chenjezo limeneli pa version yaikulu iliyonse, kuti library yanu, imene ili ngati catalog yomweyo, ikasinthidwa siigwiranso pa yakale. Affinity nayo, fayilo imene mwaisevera mu version 2 (V2) siitseguka mu version 1. Choncho funso loyezera njira iliyonse ndi ili: ndikaipidwa nayo, ndibwerera ndi ntchito yanga yonse kapena ndibwerera chimanjamanja?

Nchifukwa chake njira iliyonse imene musankhe, yambani ndi foda ya mayeso. Osati kulozera pulogalamu yatsopano ku foda yanu yeniyeni ya zithunzi ayi, koma kukopera zithunzi zina nkuziika kwina. Izi nzofunika chifukwa Lightroom, mukayatsa zoti izilemba ma edit mu XMP, ndi darktable imene imachita zimenezi payokha, zimaika timafayilo tating'ono ta XMP pambali pa RAW iliyonse, fayilo ya chithunzi mmene yachokera mu kamera, nde mutha kukhala mwakopera catalog koma pulogalamu yatsopano ikulemba pa ma XMP enieni a ntchito yanu. Yanga fodayo ili ndi zithunzi 40 zokha koma ndinazisankha dala, zonse zovuta. Muli mkwatibwi wa diresi loyera mbee pafupi ndi mkwati wa suti yakuda masana dzuwa lili paliwombo, muli amayi a chinkhoswe atavala yunifomu ya chitenje chofiira ndi cha orange pansi pa tenti ya buluu imene imapaka nkhope zonse mtundu wake, muli za mutchalitchi madzulo za ISO 6400 zodzadza noise, timadontho timene timaoneka pa zithunzi zojambulidwa mumdima, muli mtsikana woluka tsitsi laling'onoling'ono kumbuyo kwake kuli masamba a mango kuti ndione ngati masking, yosankhira mbali imodzi ya chithunzi kuti muikonze payokha, ikutha kusiyanitsa tsitsi ndi mtengo, ndi mafayilo a Photoshop (PSD) atatu a ma layer ambiri a makadi a ukwati okhala ndi ma font anga. Version imene yadutsa pa zithunzi izi, pa zina zonse idutsa. Ma preset, ma action ndi ma brush anunso muwatulutse ndi export muwasunge pa flash, ndi ntchito ya mphindi khumi basi.

Tsopano njira yoyamba imene aliyense amathamangira ndi trial yaulere. Iyi ndi ya amene muli pa version yakale yogula kamodzi, ngati Photoshop CS6 ya 2012 kapena Lightroom 6, kapena mukufuna kusamukira ku pulogalamu ina. Ubwino wake mumapeza pulogalamu yonse yathunthu, pa kompyuta yanu yomwe, ndi zithunzi zanu. Koma ma trial sali ofanana. Ya Adobe ndi ya masiku 7 ndipo amafuna khadi la ku banki musanayambe, tsiku la 8 likafika musanaletse amayamba kudula ndalama okha. Apa ndi pamene anthu amalira, chifukwa plan imene ambiri amasankha osawerenga bwino ndi ya chaka chonse yolipira mwezi ndi mwezi, imaoneka ngati ya mwezi umodzi koma mwalonjeza miyezi 12. Mukaletsa mkati mwa masiku 14 chiyambireni kulipira amakubwezerani ndalama zonse, mukapitirira pamenepo chindapusa chake ndi theka la ndalama za miyezi yotsalayo. Ndipo zonsezi ndi madola. Amene tinaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tikudziwa mmene bilu ya madola imasinthira usiku umodzi mtengo wake kunja uko usanasunthe nkomwe, osanena za vuto loti khadi lilole kulipira kunja. Ndiye mukayamba trial ya Adobe ikani alamu pa tsiku la 5, osati la 7. DxO PhotoLab yawo ndi ya masiku 30, imakupatsani mpata wopuma, mutha kuiyesa pa ntchito ziwiri zitatu nkuona bwinobwino.

Vuto lina la trial ndi loti masiku amayamba kuwerengedwa pompo, kaya magetsi alipo kaya palibe, kaya mwatanganidwa ndi maliro kumudzi. Ndaona anzanga akuyamba trial Lachisanu, Loweruka ukwati, Lamulungu bridal shower, Lolemba kutopa, pofika Lachinayi aitsegula kawiri kokha ndipo chimene aona ndi mabatani okongola basi. Trial imafuna sabata yopanda ntchito yothamangitsa, foda ya mayeso itakonzeka kale, bandulo itagulidwa kale yokwanira chifukwa Photoshop yokha kutsitsa ndi ma gigabyte angapo. Mukakonzekera chonchi masiku 7 ndi okwanira, mukapanda kutero olo 30 sakwana.

Njira yachiwiri ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse, kukhala ndi ziwiri pa kompyuta imodzi, yakale ndi yatsopano, iliyonse ndi khomo lake. Kwa amene mukulipira kale Adobe, pa Photoshop izi nzosavuta koma kabatani kake kanabisala. Mu Creative Cloud app, imene mumaikira ndi kuapudetera mapulogalamu a Adobe, choyamba lowani mu Preferences pa Apps muzimitse auto-update, apo ayi tsiku lina mudzangodzuka mutasinthiridwa kale. Kenako mukamadina update ya version yaikulu, tsegulani Advanced options, muona pali kabokosi ka Remove old versions, kachotseni chizindikiro. Mukatero yatsopano imakhala mu foda yake, yakale ili pomwepo ndi ma plugin ake onse. Kabokosi kena ka Import previous settings kasiyeni kali koyatsa kuti ma shortcut ndi ma workspace anu abwere nawo. Ntchito ya makasitomala mukupitiriza mu yakale, madzulo mukapeza mpata mukutsegula yatsopano ndi foda ya mayeso ija, chithunzi chomwecho uku ndi uku, maso anu akuweruza okha. Ma PSD amayenda bwino pakati pa ma version, makamaka mukasiya Maximize Compatibility ili yoyatsa posevera, kupatula zinthu zatsopano zenizeni zimene yakale siizidziwa. Mtengo wa njira imeneyi ndi malo pa disk basi, nde amene muli ndi SSD ya 128GB kapena 256GB muyambe mwaona kuti yatsala zingati, chifukwa Photoshop imafunanso malo ambiri a scratch disk, pamene imasunga zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito, ndipo disk ikadzadza imangokana kugwira ntchito.

Palinso Photoshop Beta, mu app yomweyo ya Creative Cloud, imalowa payokha osakhudza yeniyeni. Generative Fill, AI yoonjezera kapena kuchotsa zinthu pa chithunzi, inayambira kumeneko mu May 2023 isanafike kwa aliyense. Beta ndi yabwino pofuna kusuzumira zimene zikubwera, koma tisasokoneze, beta si version imene muzagwiritse ntchito, ndi chakudya chidakali pamoto. Ikagwa kapena kuchedwa sizikutanthauza kuti yomalizidwayo izachitanso chimodzimodzi, ndipo ikathamanga bwino sizikutsimikiziranso kanthu. Ine ndimaitsegula kungoona, ntchito yolipidwa sindiikamo. Chenjeraninso kuti mukaiika, nthawi zina mukadina PSD kawiri imatsegukira mu beta osati mu yanu ija, mutha kugwira ola lathunthu osazindikira. Ndipo za Generative Fill zo, zimagwirira pa intaneti, ntchito yake imachitikira ku ma server a Adobe ndipo ili ndi ma credit owerengeka pamwezi, nde poyesa muyesere pa network imene mumakhala nayo masiku onse ku studio, osati pa wifi yothamanga ya ku ofesi ya mlamu wanu.

Lightroom Classic ndiye siilola zokhala ziwiri mophweka chonchi, yatsopano imalowa mmalo mwa yakale. Chimene chilipo ndi kubwerera, pa timadontho titatu pafupi ndi dzina lake mu Creative Cloud pali Other versions, pamenepo mumatsitsanso yammbuyo. Koma samasunga zakale zonse mpaka kalekale, nthawi zambiri ndi yatsopano ndi yaikulu imodzi yammbuyo mwake, ndiye ngati mwatsalira ndi ma version awiri atatu dziwani kuti mukachoka pamene mulipo mwina simupezanso pobwerera. Mmene ndimachitira ine ndi chonchi: ndimasunga kopi ya foda yonse ya catalog pa hard drive yakunja, ndimaapudeta, ikafunsa zosintha catalog yanga yaikulu ndimakana nkupanga catalog yatsopano yopanda kanthu, nkulowetsamo zithunzi 40 zija zokha. Ndikakhutira ndi pamene ndimailola kukhudza catalog yeniyeni. Ndikapanda kukhutira ndimatsitsanso yakale, catalog yanga ili mmene ndinaisiyira. Kutsitsa kawiri kumapweteka bandulo, zoona, koma yerekezani ndi kubwereza ma edit a ukwati wathunthu.

Kwa amene simuli pa Adobe zinthu zimapepukirako. Affinity, imene Canva inagula mu March 2024, kumapeto kwa October 2025 inatulutsa pulogalamu imodzi yophatikiza Photo, Designer ndi Publisher, yaulere, imangofuna akaunti ya Canva, za AI zokhazo ndi zimene zimafuna kulipira. Imalowa payokha osachotsa V2 yanu, ndiye palibe alamu ya tsiku la 5, palibe khadi, muyese mwezi wonse ngati mukufuna. Msampha wake ndi uja ndanena kale, imatsegula mafayilo anu akale bwinobwino koma mukasevera mmenemo V2 siiwatsegulanso, choncho tsegulani makopi okha mpaka mutatsimikiza mtima. Ndipo ngati mumatumizirana mafayilo ndi mnzanu wopanga makadi amene akadali pa yakale, mufunseni kaye, apo ayi muzamutumizira chinthu chimene sangachitsegule tsiku loti akasindikize.

GIMP ndi pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati ya Photoshop, version yake ya 3.0 inatuluka mu March 2025, patatha zaka pafupifupi 7 chitulukireni 2.10 mu 2018, ndipo kusintha kwake nkwakukulu, ma filter ambiri tsopano mutha kuwabwerera nkuwasintha osaononga layer, chinthu chimene ogwiritsa GIMP anachidikira nthawi yaitali. Koma ma plugin a 2.10, makamaka olembedwa mu Python 2, sagwira mu 3 pokhapokha eni ake atawakonzanso, nde ngati ntchito yanu yatsamira pa plugin imodzi yochotsera zinthu pa chithunzi, chimenecho ndiye choyamba kuyesa. Apa njira yabwino ndi ya portable, pa PortableApps pali GIMP imene imakhala mu foda imodzi olo pa flash, siilowa mu Windows, mukaipidwa nayo mumangofufuta fodayo basi. A Linux muli ndi AppImage, fayilo imodzi yongodina. Ku darktable, imene imatulutsa version yaikulu kawiri pachaka, June ndi December, kuli kanjira kaukhondo kwambiri, poitsegula mumaonjezera --configdir nkuilozera ku foda ina yopanda kanthu, imayamba ngati yatsopano osakhudza library yanu. Zimafuna kulemba pang'ono mu shortcut kapena terminal koma si zoopsa. Kunena zoona pa nkhani yoyesa popanda chiopsezo, mapulogalamu aulerewa amaposa olipira.

Anyamata a IT akamva nkhaniyi amakonda kunena kuti ikani mu virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yogwira mkati mwa kompyuta yanu, VirtualBox ndi yaulere, kapena Windows Sandbox. Ndinayesapo ndipo pa zithunzi sindingakulimbikitseni. Sandbox ilipo pa Windows Pro, Enterprise ndi Education, pa Home palibe, ndipo mukangoitseka zonse zimene munaikamo zimafufutika, kutanthauza kuti magetsi akazima laputopu nkuthima, ma gigabyte aja mutsitsanso. VirtualBox imasunga zinthu koma imagawana RAM ndi kompyuta yanu, pa laputopu ya 8GB ndiye kuti aliyense akudya theka la mbale, komanso graphics card yeniyeni siifika bwino mkatimo. Pomwe zatsopano zambiri zimene tikufuna kuyesazo, Denoise yochotsa noise, masking, zochotsa anthu kumbuyo, zimadalira graphics card yomweyo. Mapeto ake muona pulogalamu ikukwawa nkuiweruza molakwa. Imathandiza pongofuna kuona ngati plugin inayake ikulowa kapena kuona maonekedwe a ma menu, koma liwiro ndi mitundu musayezere mmenemo.

Kuyesa pa kompyuta ya mnzanu kuli ndi bodza lotembenuka. Mwapita ku studio ya mnzanu ndi flash, iye ali ndi desktop ya 32GB ndi graphics card ya Nvidia, Denoise ikumaliza chithunzi mu masekondi ochepa, mwasangalala, mwabwerera kwanu mwalipira. Kufika pa laputopu yanu ya kaunjika ya Core i5 yakale ndi Intel graphics, chithunzi chomwecho chikutenga mphindi zingapo fani ikulira ngati chigayo, ndipo muli nazo 200 za mutchalitchi. Denoise imeneyi inabwera mu Lightroom mu April 2023 ndipo ndi yabwino zedi, ndaona ikupulumutsa zithunzi zimene kale ndikanazitaya, koma imafuna makina. Komabe njira ya kwa mnzanu musaitaye, ili ndi ntchito yake. Siidya bandulo yanu, siifuna khadi, ndipo pa funso la mitundu, loti kodi khungu likutuluka bwanji, kodi mask ikugwira tsitsi loluka lija, yankho lake ndi loona chifukwa zimenezo sizidalira liwiro. Tengani ma JPEG amene mwatulutsa kumeneko mukawaone pa screen yanu ndi pa foni, awiri atatu mukasindikize kumene mumasindikiza masiku onse, pepala silinama. Za liwiro zokhazo ndi zoti muyezere kwanu. Musanatsitse kanthu tsegulani Task Manager pa Performance muone RAM ndi GPU yanu, muyerekeze ndi zimene alemba pa system requirements, Photoshop ndi Lightroom amati 8GB ndi poyambira koma 16GB ndi imene amalimbikitsa. Onaninso Windows yanu, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo opanga mapulogalamu amatsatira pang'onopang'ono kusiya ma Windows akale, ena mwa ife ndi laputopu imene ikukana Windows 11 ndiye nkhani yake yasanduka yogula makina osati pulogalamu.

Mavidiyo a pa YouTube ndi othandiza pa chinthu chimodzi, kudziwa kuti chatsopano nchiyani kuti muone ngati chikukukhudzani nkomwe. Kupitirira apo ayi. Ambiri amaonetsa pa makina amphamvu, pa zithunzi zojambulidwa bwino kale, mapiri ndi nyanja ndi anthu a khungu loyera mu kuwala kofewa. Palibe amene akukuyeserani nkhope yakuda pansi pa tenti ya buluu 1 koloko masana. Mumve zimene akunena, kenako mukayese nokha.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga uku mukuti za chiyani zonsezi, ndingopita kwa mnyamata uja andiikire ya crack, yobedwa yosalipira ija, ndiione. Sindikuweruzani, ambiri tinayambira pamenepo chifukwa madola ndi ovuta. Koma ngati njira yoyesera, iyi ndi yoipa kuposa zonse ndanenazi. Choyamba simukuyesa pulogalamu yeniyeni, zimene zimafuna akaunti ndi intaneti ngati Generative Fill nthawi zambiri sizigwira, ikamagwa simudziwa ngati ndi version kapena ndi crack yo. Chachiwiri, pofuna kuiika amakuuzani kuti muzimitse antivirus, pa kompyuta yomweyo imene ili ndi maukwati a anthu a zaka zisanu ndi ma password anu a ku banki. Ma ransomware ambiri amalowera khomo limeneli, amatseka mafayilo onse kuphatikiza a pa hard drive yakunja ngati ili yolumikiza. Ukwati wa munthu subwerezedwa abale. Ngati vuto ndi ndalama, lero kuli Affinity yaulere, kuli GIMP, darktable, RawTherapee, kuli Photopea imene imatsegula ma PSD mu browser momwemo, zonse zoti mutha kuyesa usiku uno popanda kuzimitsa kalikonse.

Pena ndi bwino kudzifunsa kuti chikukukankhirani ku version yatsopano nchiyani kwenikweni. Kawirikawiri ndimapeza kuti munthu wagula kamera ina, tinene wachoka pa Canon yakale yotulutsa ma RAW a CR2 wapita pa yatsopano ya mirrorless yotulutsa a CR3, nde Lightroom 6 yake, imene inalandira update yomaliza mu December 2017, ikukana mafayilo. Akuganiza kuti palibe kuchitira mwina koma kulipira mwezi ndi mwezi. Pomwe Adobe yomweyo ili ndi DNG Converter yaulere, mumailozera foda ya ma RAW atsopano, imawasandutsa DNG, pulogalamu yakale ija nkuwatsegula. Ndi sitepe yoonjezera pa ntchito iliyonse ndipo imadya malo ngati mukusunga onse awiri, komanso mitundu ya kamera yatsopano pa pulogalamu yakale muyenera kuiyang'anitsitsa, koma imakugulirani nthawi yoti muganize mofatsa. Canon nayo ili ndi Digital Photo Professional yaulere kwa eni makamera ake, Nikon ili ndi NX Studio. Ngati chimene mukufuna ndi masking yatsopano ndi Denoise ndiye inde, zimenezo mu yakale mulibe ndipo converter siingakupatseni.

Amene mumaedita pa foni, Lightroom ya pa foni kapena Snapseed, inu ndiye mulibe mwayi wokhala ndi ziwiri, app ikaapudetedwa Play Store kapena App Store siikupatsani batani lobwerera. Chimene mungachite ndi kuzimitsa auto-update ya app imeneyo, pa Play Store zimatheka pa app imodziimodzi, nkuyamba mwaiona pa foni ya wina wa mnyumba kapena foni yanu yachiwiri. Za kukatenga APK yakale pa masamba osadziwika zili ndi chiopsezo chofanana ndi crack ija.

Ndiye mukandifunsa kuti pa zonsezi nditenge iti, zimatengera pamene mwaima. Wolipira kale Adobe, ziwiri pambali pa Photoshop, catalog yopanda kanthu pa Lightroom, ndipo musathamangire version yothera ndi .0, dikirani ka update koyamba kapena kachiwiri kokonza zolakwika, sikachedwa kubwera. Amene muli pa yakale yogula kamodzi, yambani ndi kwa mnzanu kuona mitundu, mukakopeka ndi pamene muyambe trial pa makina anu mu sabata yopanda ukwati. Amene madola akuvutani, ikani Affinity kapena darktable pambali pa chimene muli nachocho muziyesa pang'onopang'ono, palibe amene akukuwerengerani masiku.

Ine mwezi wanga woyesera ndi January, mvula ikugwa, maukwati achepa, makasitomala ali kalikiliki ndi fizi ndi feteleza. Ndimatenga wotchi ya pa foni, export ya zithunzi 40 zija mu yakale ndimalemba mphindi zake mu kope, mu yatsopano chimodzimodzi. Ndimatsegula plugin iliyonse imodziimodzi, ndimaika preset yanga ya maukwati pa chithunzi cha amayi a chitenje chofiira chija nkuyang'ana pamphumi ndi pamasaya ndi zoom ya 100 peresenti, ndimachotsa charger kuti ndione batire ikutha msanga bwanji chifukwa theka la ntchito yanga imachitika magetsi atazima. Zikayenda, ntchito yoyamba yeniyeni imene ndimaipatsa ndi yaing'ono, ma passport size kapena birthday ya mwana, yoti olo zitavuta ndibwereza madzulo amodzi. Yakale ija ndimaichotsa pokhapokha ukwati umodzi wathunthu utadutsa mu yatsopano, album itasindikizidwa, eni ake atailandira.